Timadontho pa zithunzi za mumdima: tichotse ndi pulogalamu iti?

Amene amajambula maukwati amadziwa kuti zithunzi za kutchalitchi ndi za kumalo a maluwa sizivuta kwenikweni. Mavuto amayambira ku holo, nthawi ya perekani-perekani, dzuwa litapendeka, mawindo atatchingidwa ndi nsalu zokongoletsera, mababu a kudenga ali owerengeka. Anthu akuvina, ndalama zikuponyedwa, ndipo kuti chithunzi chisagwedere wojambula amakweza ISO, nambala ya pa kamera yowalitsira chithunzi, kufika pa 3200 kapena 6400. Pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera zonse zimaoneka bwino. Akafika pa kompyuta ndi pomwe amaona kuti suti ya mkwati yadzaza timadontho tofiira ndi tobiriwira, nkhope za ankhoswe zakhakhala. Timadontho timeneti m'mapulogalamu okonzera zithunzi mumalembedwa kuti noise, ndipo njira zotichepetsera zilipo zambiri, zaulere ndi zolipira. Ndaziyeza pa ntchito ngati imeneyi, ya nkhope za anthu m'malo osawala, chifukwa apa ndi pomwe pulogalamu iliyonse imaonekera mphamvu zake ndi kufooka kwake.

Kumene timachokera

Kuwala kumafika pa sensa, kachipangizo ka mu kamera kotola chithunzi, m'tizidutswa totchedwa ma photon, ndipo sitigawika mofanana. Ma pixel (tizigawo ting'onoting'ono ta sensa) awiri oyandikana, oloza pa khoma limodzi, wina alandira tambiri pang'ono, mnzake tochepa, mwamwayi chabe. Kusiyana kumeneku kuli ndi lamulo lake. Pixel yoyenera kulandira ma photon 100 imaphonya ndi pafupifupi 10, ndiye kuti 10 pa 100 alionse. Yolandira 10,000 imaphonya ndi pafupifupi 100, yomwe ndi 1 pa 100 basi. Kuwala kukachuluka, kuphonya kuja kumamira. Kukachepa, kumaonekera poyera. Choncho ISO siyipanga timadontho tambiri mwa iyo yokha. Imangokweza zonse zomwe sensa yatola, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo timaikweza nthawi yomwe kuwala kwachepa kale.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimatikhudza ife ojambula anthu akhungu lakuda kuposa momwe maphunziro ambiri a pa intaneti amanenera. Choyamba, khungu lakuda limabweza kuwala kochepa, motero nkhope imagwera m'chigawo chomwe timadontho timachuluka. Ikakhala pafupi ndi diresi loyera la mkwatibwi, kamera imayezera kuwala pa diresilo ndi kudetsa chithunzi chonse, nkhope nkumira. Mukaiwalitsa pa kompyuta, mwakwezanso timadontho. Makamera akale monga Canon EOS 600D ya 2011 amaonjezera mizere yopingasa m'malo akuda mukawakoka kwambiri, ndipo mizere imavuta kuchotsa kuposa timadontho wamba. Chachiwiri ndi mababu achikasu. Sensa zambiri zimatsata kayalidwe ka Bryce Bayer wa ku Kodak, ka 1976: theka la ma pixel limaona zobiriwira, gawo limodzi mwa anayi zofiira, lotsalalo za buluu. Babu lachikasu lili ndi buluu wochepa kwambiri. Mukakonza white balance kuti diresi libwerere kuyera, pulogalamu imachulukitsa kabuluu kochepa kaja, ndipo mumithunzi mumatuluka zigamba zapepo.

Timadontho tili mitundu iwiri, ndipo kusankha kwanu konse kudalira kuisiyanitsa. Pali tamitundu, tofiira, tobiriwira ndi tapepo, tomwe mapulogalamu amatilemba kuti color kapena chroma. Iti ndi tonyansa, ndipo tingachotsedwe pafupifupi tonse popanda kuwononga chithunzi, chifukwa diso la munthu silitsata mitundu mwatsatanetsatane. Pali tina ta kuwala, luminance, tongosiyana kuwala ndi kuda. Iti takhala malo amodzi ndi zomwe mukufuna kusunga: timabowo ta pakhungu, nsidze, ulusi wa velo, maluwa a pa chitenje. Kuchotsa timeneti kuli ngati kupeta mpunga: mukachita mwamphamvu, mpunga umatsagana ndi mankhusu.

Funso loyamba ndi la fayilo, osati la pulogalamu

Musanaganize zogula chilichonse, onani ngati zithunzi zanu zili RAW kapena JPEG. Fayilo ya RAW ndi zomwe sensa inatola, zisanakhudzidwe, ndipo makamera ambiri amaisunga pa ma bit 12 kapena 14. Pa 14 ndiye kuti kuchoka pakuda kufika poyera pali masitepe 16,384. JPEG ili ndi ma bit 8, masitepe 256 pa mtundu ulionse, ndipo kamera inachotsamo kale timadontho mwa njira yake yachangu, inanola, kenako nkuipanikiza. Timadontho ta mu JPEG timakhala titamatana kale kukhala zigamba, ndipo palibe pulogalamu yomwe ingatimasule bwinobwino. Mapulogalamu amphamvu kwambiri omwe nditchule pansipa amafuna RAW. Ndikudziwa chifukwa chake ambiri amakonda JPEG: memory card imadzaza msanga, hard drive ndi yodula, makasitomala amafuna zithunzi mawa lomwe. Komabe kwa maola awiri a ku holo okha, sinthani kamera ilembe RAW. Kusintha kumeneko kumapindula kuposa pulogalamu iliyonse yogula.

Zaulere za opanga makamera

Izi ambiri amazinyalanyaza. Canon ili ndi Digital Photo Professional, yomwe mumaitenga pa tsamba lawo polemba nambala ya kamera yanu. Nikon ili ndi NX Studio, yotuluka mu 2021. Sony ili ndi Imaging Edge Desktop. Ubwino wake ndi woti chithunzi chimatseguka ndi mitundu yomweyo yomwe munaiona pa kamera, ndipo khungu limatuluka mwachibadwa osalimbana nalo. Mumapeza slider ya timadontho ta kuwala ndi ina ya tamitundu, basi. Pa ISO 800 kapena 1600 zimakwanira ndithu. Pa 6400 zimayamba kupaka: tsitsi la mesh limasanduka chigamba chakuda chopanda tsitsi limodzi looneka. Zimachedwanso mukakhala ndi zithunzi mazana. Kwa amene akungoyamba, ndinganene kuti ayambire apa, aphunzire kuona kusiyana kwa mitundu iwiri ija ya timadontho asanapite kwina.

darktable ndi RawTherapee

Pa zaulere zonse, darktable ndi yomwe ndimailemekeza. Anaiyamba Johannes Hanika mu 2009, imakonzedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo imayenda pa Windows, macOS ndi Linux. Mulibe kulembetsa, mulibe kulipira, ndipo mukaitsitsa kamodzi siifunanso intaneti. Chida chake chachikulu chimatchedwa denoise (profiled). Anthu anayeza makamera mazana, iliyonse pa ISO iliyonse, kuti adziwe kuchuluka kwa timadontho m'malo owala ndi m'malo akuda. Mukatsegula fayilo, darktable imawerenga dzina la kamera ndi ISO, nkutenga muyeso woyenera yokha. Motero imagwira mwamphamvu mumithunzi ndi kusiya mowala, zomwe ndi zomwe chithunzi cha ku holo chimafuna.

M'chidachi muli njira ziwiri. Ya wavelets imagawa chithunzi m'magawo, kuyambira tinthu ting'onoting'ono kufika zigamba zazikulu, ndipo mumasankha gawo loti lisalazidwe. Muli mzere wa kuwala ndi mzere wa mitundu, wosiyana. Ine ndimakweza wa mitundu, makamaka kumbali ya zigamba zazikulu komwe kumabisala zapepo zija, ndipo wa kuwala ndimautsitsa kufikira timabowo ta pamphuno tiyambe kuonekanso. Njira inayo, non-local means, inafotokozedwa mu 2005 ndi akatswiri atatu a masamu, Buades, Coll ndi Morel. Imafufuza tizigawo tofanana m'malo ozungulira ndi kutiphatikiza. Imasalaza makoma ndi nsalu zopanda maluwa bwino kwambiri, koma imalemetsa kompyuta, ndipo mukaikweza imasiya timizere topindika tomwe sitinalipo pa suti.

Kuipa kwa darktable ndi koti siiphunzirika tsiku limodzi. Mayina a zida zake ndi achilendo ngakhale kwa amene anazolowera Photoshop, ndipo chithunzi chikangotseguka chimaoneka chofooka mpaka mutachikonza. Pa ISO 6400 ya kamera yakale siifika pomwe amafika mapulogalamu a AI: mudzasankha pakati pa kusiya timadontho tina ndi kutaya ulusi wa velo. Ine ndimasiya timadontho.

RawTherapee, yomwe anaiyamba Gábor Horváth wa ku Hungary ndipo inakhala yotseguka kwa onse mu 2010, ili pafupi ndi darktable pa zotsatira. Chida chake cha timadontho tamitundu chili ndi njira yodzisankhira chokha, ndipo nthawi zambiri chimalondola. Ilinso ndi zida zapadera zochotsera ma pixel otentha, timadontho towala kwambiri tomwe timatuluka malo omwewo pa chithunzi chilichonse mukatsegula shutter nthawi yaitali. Kumbukirani kuti zotsatira zake zenizeni mumaziona mukakulitsa chithunzi kufika pa 100%. Pa kachithunzi kakang'ono mudzanamizika.

Lightroom ndi Camera Raw

Awa ndi mapulogalamu a Adobe okhala ndi zida zofanana, ndipo muli zinthu ziwiri zosiyana. Chakale ndi ma slider a pansi pa Detail. Pa RAW, slider ya Color imayambira pa 25, ndipo kawirikawiri sipafunika kuikhudza. Zigamba zikatsalira mumithunzi, kwezani Smoothness m'malo mokweza Color, chifukwa Color ikakwera kwambiri milomo imafuwa ndipo maluwa ofiira a pa chitenje amatayikira m'mbali. Slider ya Luminance ndiyo imawononga nkhope zambiri zomwe timaziona pa Facebook. Ndikaidutsitsa pa 30 khungu limayamba kutaya moyo. Pali chida china chomwe ambiri sachikhudza, Masking ya pa Sharpening, pomwe pamanoledwera chithunzi. Gwirani batani la Alt uku mukuikoka: chithunzi chidzasanduka chakuda ndi choyera, ndipo poyera pokha ndi pomwe pakunoledwa. Ikokeni mpaka patsale maso, milomo ndi m'mphepete mwa zovala. Timadontho tambiri tomwe anthu amalimbana nato ndi tomwe pulogalamu yatinola yokha pamakoma ndi pamasaya.

Chatsopano ndi batani la Denoise, lomwe Adobe inalibweretsa mu April 2023. Limagwiritsa ntchito AI yophunzitsidwa pa zithunzi zambirimbiri, ndipo kusiyana kwake ndi ma slider akale ndi kwakukulu. Chithunzi cha ISO 6400 chimatuluka ndi nsidze zake, mikanda ya pa diresi ikuwerengeka, suti ilibe timadontho. Limayambira pa 50, koma pa nkhope ndimaona kuti 30 kapena 40 imasunga khungu mwachibadwa. Poyamba linkapanga fayilo yatsopano ya DNG (mtundu wa RAW wa Adobe) pa chithunzi chilichonse, zomwe zinkadya malo. Kuyambira mu 2025 limagwira pa fayilo yomweyo.

Mtengo wake uli pawiri. Woyamba ndi wa ndalama: kuyambira 2013 Adobe inayamba kubwereketsa mapulogalamu ake m'malo mogulitsa, ndipo Lightroom 6 ya 2015 ndiyo inali yomaliza kugulidwa kamodzi. Lero mumalipira mwezi ndi mwezi ndi khadi lovomerezeka kulipira kunja, ndipo aliyense wa ku Malawi akudziwa momwe ndalama zakunja zikuvutira komanso momwe kwacha ikagwa bilu yotere imakwerera. Wachiwiri ndi wa kompyuta. Adobe yomwe imalangiza graphics card ya 8 GB kuti Denoise iyende bwino. Pa makina otero chithunzi chimatha m'masekondi. Pa laputopu ya muofesi yogula kaunjika, yopanda graphics card yapadera, chithunzi chimodzi chimatha kutenga mphindi zingapo, fani ikulira, batire ikutsika. Zithunzi 200 za ku holo ndi ntchito ya usiku wonse, ndipo magetsi akazima pakati mwatsala panjira. Amene ali ndi makina otere asankhe zithunzi 20 kapena 30 zopita mu alubamu ndi pa khoma, zimenezo zokha ndizo zipite ku Denoise, zinazo zikonzedwe ndi ma slider.

DxO

Mukandifunsa kuti pa RAW ya mumdima ndani amatulutsa chithunzi chabwino koposa, ndidzatchula DxO, kampani ya ku France. Inayamba ndi PRIME mu 2013, kenako DeepPRIME mu 2020, ndipo mu 2021 inatulutsa PureRAW, kapulogalamu kongochita ntchito imodzi: mumaponyamo ma RAW, iko nkukubwezerani ma DNG oyera oti mukamalizire ku Lightroom kapena kwina kulikonse. Chinsinsi chake chili pa sensa ya Bayer ija. Popeza pixel iliyonse imaona mtundu umodzi, pulogalamu iyenera kulota mitundu iwiri yotsalayo kuchokera kwa oyandikana nayo. Njira zakale zinkayamba zalota mitundu kenako nkuchotsa timadontho, ndiye kuti timadontho tinali titafalikira kale kwa oyandikana. DeepPRIME imachita zonse ziwiri nthawi imodzi. Denoise ya Adobe nayo imatsata nzeru yomweyo, koma DxO imaonjezera china: inayeza malenzi ambiri pa makamera osiyanasiyana, ndipo imakonza kufooka kwa lenzi yanu m'makona. Kwa amene akugwiritsa ntchito lenzi ya 18-55 yobwera ndi kamera, izi zimaoneka ndi maso.

Imagulidwa kamodzi, osati mwezi ndi mwezi, ndipo pali masiku oyeserera ulere. Muwagwiritse ntchito pa zithunzi zanu zovutitsitsa, pa kompyuta yanu yomweyo, musanatulutse ndalama. Zoti mudziwe: DeepPRIME siigwira JPEG, kamera yanu iyenera kukhala pa mndandanda wawo, mafayilo a DNG otuluka amakula kangapo kuposa RAW yoyamba, ndipo pa kompyuta yofooka imachedwa monga momwe imachitira ya Adobe. Mitundu yamphamvu ya DeepPRIME yotchedwa XD, yoyamba mu 2022, imatulutsa tsatanetsatane wodabwitsa pa nthenga za mbalame ndi masamba, koma pa nkhope zazing'ono za kumbuyo kwa gulu ndimakonda DeepPRIME wamba, yofatsa. Kunola kwa lenzi nakonso ndimakutsitsa pojambula amayi achikulire, chifukwa kumakuza makwinya kuposa momwe diso linawaonera.

Amene ali ndi JPEG zokha

Ambiri ali pamenepa: zithunzi za pafoni, zithunzi zakale za ukwati wa makolo, zomwe anakutumizirani ena. Topaz Labs ya ku Dallas, ku Texas, inatulutsa DeNoise AI mu 2019 ndi Photo AI mu 2022, ndipo mapulogalamu ake amalandira JPEG ndi TIFF, osati RAW yokha. Pa JPEG yokhakhala amachita zomwe ma slider wamba sangathe. Koma muli chida chobwezeretsa nkhope chomwe chiyenera kuyang'aniridwa. Nkhope ikakhala yaing'ono ndi yosaoneka bwino, pulogalamu siingadziwe momwe munthuyo analili. Imatenga zomwe inaphunzira pa nkhope za anthu ena ndi kudzaza mipata.

Nkhaniyi imandikhudza kwambiri, ndipo si ya kampani imodzi yokha. Pa mafoni padzaza timapulogalamu tolonjeza kuyeretsa chithunzi ndi batani limodzi. Ndaonapo chithunzi cha agogo ena omwalira, chokonzedwa kuti chiikidwe pa pulogalamu ya maliro, chitatuluka ndi mano ondondozana bwino pomwe iwo anali ndi mpata pakati, mphini za pamasaya zitafufutika, khungu litayera kuposa lao. Chithunzicho chinali chosalala, chowala, koma ana awo ankachiyang'ana mokayika. Pulogalamu inaona mphini nkuziyesa zolakwika za kamera. Pa ukwati zimachitikanso chimodzimodzi kwa anthu a mzere wachitatu: maso amasintha kapangidwe, munthu nkufanana ndi mlendo. Chithunzi cha banja ntchito yake ndi kusunga munthu momwe analili. Chokhakhala koma chili iyeyo chimagwira ntchito imeneyo, chosalala cha nkhope yopeka sichiigwira. Ngati mugwiritsa ntchito zida zotere, zimitsani chobwezeretsa nkhope kapena chitsitseni kwambiri, ndipo ikani chithunzi choyamba pambali, muyerekeze nkhope imodziimodzi musanapereke.

Njira zakale pa JPEG zikadali ndi malo ake chifukwa sizipeka kanthu. Neat Image imakupemphani kusankha kachigawo kopanda zojambula, monga khoma kapena thambo, imayeza timadontho pamenepo ndi kuchotsa tofanana nato pa chithunzi chonse. Dfine ya mu Nik Collection imachita mofananamo. Nik inagulidwa ndi Google mu 2012, inaperekedwa ulere mu 2016, kenako DxO inaigula mu 2017 ndi kuyambanso kuigulitsa. Fyuluta ya Reduce Noise ya mu Photoshop ndi yofooka pa zonse, ndipo amene ali ndi Photoshop angachite bwino kutsegula chithunzicho mu Camera Raw Filter. Mu GIMP, yomwe ndi yaulere ndipo inafika pa 3.0 mu March 2025, muli Noise Reduction pansi pa Enhance, yosavuta koma yopaka. Muikemo G'MIC, gulu la mafyuluta aulere lomwe linayambira ku Caen ku France, ndipo mupeza zida zabwinopo pansi pa Repair. Chilichonse chomwe musankhe, gwirani pa layer yachiwiri, kenako mufufute pamaso, pamilomo ndi patsitsi kuti choyamba chionekere. Khoma lakumbuyo lingasalazidwe momwe mungafunire, palibe adzadandaule.

Pafoni, Lightroom yaulere ili ndi ma slider omwewo a Noise Reduction ndi Color Noise Reduction, ndipo malangizo ndi omwe aja. Za mapulogalamu obedwa omwe amagawidwa pa fulashi, chonde asiyeni. Ambiri amabwera ndi ma virus, ndipo kompyuta yomwe muli zithunzi za makasitomala, zomwe sizingajambulidwenso, siyoyesera zinthu zotero pomwe darktable ilipo yaulere.

Njira zosafuna kugula kanthu

Kuphatikiza zithunzi zingapo kumachotsa timadontho popanda kupeka kapena kupaka. Popeza timadontho timagwa mwamwayi, sitikhala malo amodzi pa zithunzi ziwiri zotsatizana, pomwe chinthu chenichenicho chimakhala pomwepo. Mukaphatikiza zithunzi 4 timadontho timatsika ndi theka, mukaphatikiza 16 timatsala gawo limodzi mwa anayi. Mu Photoshop mumaziika mu Smart Object ndi kusankha Stack Mode ya Mean. Mu GIMP mumazisanjikiza, cha pansi pa 100%, chachiwiri pa 50, chachitatu pa 33, chachinayi pa 25. Ojambula nyenyezi ali ndi Siril, Sequator ndi DeepSkyStacker, onse aulere. Mafoni amachita zomwezi mwakachetechete: Night Sight ya Google ya 2018 ndi Night mode ya iPhone 11 ya 2019 zimajambula zithunzi zambiri ndi kuziphatikiza. Pa ukwati njirayi imathandiza pa keke, pa mphete, pa holo yokongoletsedwa alendo asanalowe. Pa anthu ovina siigwira.

Kuchepetsa kukula kwa chithunzi ndi njira ina yomwe timaiiwala. Kamera ya ma megapixel 24 monga Nikon D3200 imatulutsa chithunzi cha ma pixel pafupifupi 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Mukachitsitsa kufika 2000 m'litali, ma pixel 9 amaphatikizana kukhala imodzi, ndipo timadontho timatsika pafupifupi katatu. Chithunzi chotsukitsa cha mainchesi 4 ndi 6 chimangofuna ma pixel 1200 ndi 1800. Ndiye kuti zambiri zomwe zimatiopsa tikakulitsa pa 100% kasitomala sadzaziona pa foni yake kapena mu alubamu. Ndi chithunzi chachikulu cha pabalaza chokha chomwe chimafuna chisamaliro chonse. Chithunzi chikakanikiratu, mababu a disko atasokoneza mitundu, chisandutseni chakuda ndi choyera. Timadontho tamitundu timatheratu, ndipo totsalato timaoneka ngati mbali ya chithunzicho.

Kwa amene ali ndi ndalama zochepa ndipo akuganiza zolipira pulogalamu, pali chinthu china choti ayeze nacho. Lenzi ya 18-55 ikatambasulidwa kufika pa 55 imatseguka mpaka f/5.6 basi (nambala ya f ikachepa, kuwala kolowa kumachuluka). Lenzi ya 50mm f/1.8, imodzi mwa malenzi otsika mtengo kwambiri a Canon ndi Nikon, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Chithunzi chomwe chinkafuna ISO 6400 chimatheka pa 800 kapena kutsikirapo, ndipo pamenepo ngakhale pulogalamu yaulere ya opanga kamera imakwanira. Fulashi yolozetsa kudenga loyera imachitanso chimodzimodzi. Ine ndikanakhala ndi ndalama za chinthu chimodzi, ndikanagula lenzi, nkuphunzira darktable. DxO kapena Lightroom zimayenera amene ali kale ndi lenzi yabwino, kompyuta yamphamvu, ndi ntchito za usiku zochuluka zoti zibweze ndalamazo.

Pulogalamu iliyonse yomwe musankhe, dongosolo ndi limodzi: yambani ndi white balance ndi kuwala, chotsani timadontho tamitundu, kenako ta kuwala pang'onopang'ono mukuyang'ana pa tsaya la munthu pa 100%, ndipo kunola kukhale komalizira, pa kukula komwe chithunzi chikaperekedwe. Khoma losalazidwa kwambiri limatha kuonetsa mizere ya masitepe mukasunga mu JPEG. Zikatero bwezeranimo Grain (timadontho tochita kuika dala) pang'ono, imabisa mizereyo. Potumiza kwa kasitomala kapena kwa otsuka zithunzi pa WhatsApp, tumizani ngati Document. Njira wamba imachepetsa ndi kupanikiza chithunzi, ndipo ngakhale batani la HD lomwe linabwera mu 2023 limapanikizabe, zigamba nkubwerera m'malo akuda omwe munawakonza. Musanakonze zithunzi zonse za ukwati, tsukitsani chimodzi cha ku holo pa kukula komwe chikalowe mu alubamu, muchione pa kuwala kwa masana, ndipo mulingo womwe wakwanira pa pepalapo ndi womwe muukopere ku zinzake.